Usathamangire kumasula pampu

Galimoto ya dizilo ikazima pa chitunda, mawu oyamba amene umamva kwa anthu ozungulira boneti ndi akuti pampu yatha. Mphwanga, iwe amene wayamba kumene kugwira sipanala kuno ku Moatize, mawu amenewa uziwamva koma usamawatsatire msanga. Pa njira yonse ya mafuta, pampu ndiyo yodula kuposa china chilichonse, komanso ndiyo imafa pomalizira. Zaka zimene ndakhala ndikukwawa pansi pa ma Land Cruiser, ma Hilux ndi ma Defender a m'chigawo chino zandionetsa kuti galimoto zambiri zobwera ndi mlandu wa pampu zimachira ndi kapaipi ka labala, washala wamkuwa, fyuluta yatsopano kapena kutsuka thanki. Ndipo mwa mapampu amene amafadi, ambiri amaphedwa ndi zimene anawamwetsa, ena ndi dzanja la makaniko amene anawatsegulira pa fumbi.

Uyambe wadziwa misewu imene galimoto zakozo zimayendamo. Kuchoka pa Moatize kukafika pa Zóbuè pa EN7 ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo ndi ulendo wokwera. Umanyamuka m'chigwa cha Zambezi ndi Revúbuè, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, n'kukathera kumapiri a m'malire kumene m'mawa wa mu Juni munthu amafuna jekete. Palinso misewu yafumbi yopatuka pa tala, ya ku Kambulatsitsi, ya ku Nkondezi, ya ku Tsangano kochokera mbatata ya kachewere, imene imakhutchumula thanki mpaka litsiro lonse logona pansi lidzuke. Galimoto zimene zimatidyetsa ife si zatsopano. Zambiri zinabwera m'zaka zimene migodi inkatsegulidwa, kampani ya Vale itapatsidwa malo a Moatize mu 2004 n'kuyamba kutulutsa malasha mu 2011. Zina n'zakale kuposa pamenepo, zinafika ndi mabungwe nkhondo ya ku Mozambique kuno itatha mu 1992, anthu akubwerera kwawo kuchokera ku Malawi. Zadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse linasiyapo chake: paipi yolumikiza, waya wopotokola, kilampu yamtundu wina. Injini zake, 1HZ, 3L, 5L, 300Tdi, n'zolimba zedi. Zimene zakalamba ndi malabala, mawaya ndi mathanki.

Usanatsegule boneti, funsa dalaivala, ndipo umufunse mwaulemu chifukwa ndiye analipo. Achimwene, mafuta omaliza munathira kuti? M'thanki munali ochuluka bwanji pamene imazima? Inangoti zii kamodzi n'kamodzi, kapena inayamba yafooka, ikudukiza? Imavuta m'mawa kapena ikatentha? Waigwira posachedwa ndani, ndipo anagwira pati? Ukamva mayankho amenewa, ntchito wayamba kale. Galimoto yozima mwadzidzidzi, popanda kukhosomola, nthawi zambiri yataya magetsi opita ku solenoid, kachipangizo kotsegula ndi kutseka mafuta pa pampu. Yofooka pa zitunda za kupitirira Mussacama koma n'kumayenda bwinobwino pa chidikha, ikuperewera mafuta pamene ikuwafuna ambiri. Yovuta m'mawa mokha, n'kumalira bwino tsiku lonse, ikubweza mafuta ku thanki usiku kapena ili ndi vuto la mapulagi otenthetsa. Yoyamba kuvuta tsiku lomwe yathira mafuta m'mbali mwa msewu yakuuza kale kokayambira.

Tsono umvetse mmene dizilo amayendera pa Land Cruiser ya 1HZ ndi pa ma Hilux akalewa, chifukwa ambiri amasokonekera pomwepa. M'thanki mulibe pampu yamagetsi. Pampu yozungulira ija, ya mtundu wa VE, imadzikokera yokha mafuta kuchokera kumbuyo kwa galimoto, kudutsa m'mapaipi a pa chesisi, kudutsa mu fyuluta, mpaka alowe m'mimba mwake. Kutanthauza kuti njira yonseyo imagwira ntchito mokoka, osati mokankha. Paipi ikang'ambika pang'ono pa njira yotere sidontha, imayamwa mpweya. Zili ngati kumwa madzi ndi bango long'aluka: kunja kuli gwa, kouma, koma m'kamwa mukungofika thovu. N'chifukwa chake mnyamata amagona pansi pa galimoto kufunafuna podontha, osapeza, n'kudzuka akuti mapaipi ali bwino, vuto ndi pampu. China choti usaiwale n'chakuti pampu imeneyi ilibe oyilo wakewake. Zitsulo zake zam'kati zimatereretsedwa ndi dizilo yemweyo. Ukaimwetsa madzi kapena parafini, zitsulozo zimakhulana zouma.

Yamba ndi zosalira ndalama. Galimoto ikangozima, tsegula chivindikiro cha thanki khutu lili pafupi. Ukamva kuti psuu, mpweya ukulowa mwamphamvu, ndiye kuti popumira thanki patsekeka ndi fumbi kapena matope, ndipo pampu imalimbana ndi thanki yosapuma. Yenda nayo pang'ono chivindikiro chili chomasula, uone ngati isinthe. Kenako pita pa mutu wa fyuluta, pa kapampu kodina ndi chala kaja. Kapampu kameneka kamanena zambiri kwa munthu wodziwa kukafunsa. Ukakapeza katamira pansi, kosabwerera, mafuta akukanika kubwera, chatseka ndi fyuluta, paipi kapena thanki. Ukamadina osalimba, kungoti fwefwefwe mpaka chala kutopa, mpweya ukulowa penapake kapena timavalavu take tatha. Kakalimba madzulo n'kupezeka kofewa m'mawa, mafuta akuthawira ku thanki usiku, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala mutu wa fyulutawo, labala yake itauma ndi dzuwa la ku Tete.

Ukatero tenga botolo loyera, loonekera m'kati, louma. Masula kotayira madzi kunsi kwa fyuluta, udine kapampu kaja, ulandire zotulukazo m'botolo. Liike pa mthunzi kwa mphindi zingapo, kenako uliyang'ane pa kuwala. Dizilo wabwino amaonekera mpaka tsidya lina la botolo. Madzi amakhala pansi, poyamba timikanda tozungulira toyenda tokha ukapendeketsa botolo, kenako mzere woonekeratu pakati pa madzi ndi mafuta. Dizilo wachimbuuzi, wosaonekera bwino, ali ndi madzi osakanikirana amene sanakhazikike. Tinthu tofiirira ndi dzimbiri la thanki. Zakuda zonanda, zotanuka ukazikhudza ndi kamtengo, ndi tizilombo timene timamera pamalire a madzi ndi dizilo m'thanki yokhalitsa, ndipo zimenezi zimatseka fyuluta yatsopano m'masiku ochepa chabe. Nunkhiza, ndipo utikite dontho pakati pa zala ziwiri. Dizilo amaterera n'kutsalira pa chala. Wosakaniza ndi parafini amamveka wopepuka, wouma, ndipo fungo lake ndi la nyali. Botolo limeneli umuonetse mwini galimoto ndi maso ake, usamangomuuza. Kunsi kwa fyuluta komweko kuli kachipangizo koyandama kamene kamayatsa nyali pa dashibodi madzi akachuluka. Pa galimoto zambiri zimene ndimalandira, waya wake anauzula kalekale kuti nyaliyo isiye kusowetsa mtendere. Ubwezeretse, ndipo umuuze dalaivala kuti ikayaka aziima n'kutaya madziwo.

Posintha fyuluta, usaidzaze ndi dizilo wa m'chigubu pofuna kupeputsa ntchito yopopa. Ena mwa mafuta amenewo amapita ku pampu osasefedwa. Imange youma, upake dizilo pang'ono pa labala yake, upope ndi chala mpaka kulimba. Ndipo mafyuluta otchipa kwambiri a pa msika uziwaopa. Tenga yakale ndi yatsopanoyo m'manja awiri, uyerekeze kulemera kwake, usuzumire pepala la m'kati.

Fyuluta ikakhala yatsopano koma vuto lilipobe, pali mayeso awiri amene ndikufuna uwagwire mpaka alowe m'magazi. Oyamba ndi a paipi yoonekera. Chotsa paipi ya pakati pa fyuluta ndi pampu, uikepo ya pulasitiki yoonekera m'kati, uimange bwino mbali zonse, upope, ulize injini. Yang'anitsitsa. Timathovu towerengeka poyamba si kanthu. Koma ukaona mzere wa thovu wosatha, wochuluka ukaponda moto, mpweya ukulowa kumbuyo kwa pamene waikapo. Sunthira paipi yakoyo kumbuyo, pakati pa paipi ya chesisi ndi fyuluta. Thovu likasowa pamenepo, wakuba ndi mutu wa fyuluta. Likapitirira, pita kumbuyo ndithu, mfundo ndi mfundo, mpaka pamwamba pa thanki, pamene kapaipi kachitsulo kamadyeka ndi dzimbiri chifukwa cha matope okhalapo chaka ndi chaka.

Achiwiri ndi a chigubu. Tenga kachigubu kotsuka ka malita 5, uthiremo dizilo amene ukumukhulupirira, ukamangirire bwino, ulowetsemo paipi yopita ku fyuluta. Ulowetsemonso paipi yobweza mafuta, chifukwa ukaiwala, chigubucho chiuma m'kanthawi kochepa, mafuta onse atathawira ku thanki, iwe n'kumadabwa. Kenako yenda nayo galimoto pa chitunda chomwe chimaigonjetsacho. Ikakwera ndi mphamvu zake zonse, pampu ndi manozo zilibe mlandu, ndipo wapulumutsa mwini galimoto ku ngongole ya miyezi. Chatsala ndi kutsitsa thanki. Ndi ntchito yotopetsa, yodetsa, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaizemba, koma m'mathanki a galimoto zakalezi mumatuluka zinthu zodabwitsa: zidutswa za nsanza, pulasitiki yotsekera pakamwa pa chigubu, masamba. Kapulasitiki kotere kamayandama, kamamatira pakamwa pa paipi injini ikamakoka mwamphamvu, galimoto n'kuzima. Ikaima mphindi zingapo kamagwa, galimoto n'kuliranso bwinobwino. Vuto lobwera n'kupita lotereli lamasulitsa mapampu abwino ambiri. Pa ma Land Cruiser a mathanki awiri, yang'ananso valavu yosinthira thanki, imene imatha kukoka ku thanki ina n'kumabwezera ku inzake. Pa Defender ya 300Tdi nkhani ndi yosiyana pang'ono, chifukwa pambali pa injini pali kapampu kokweza mafuta koyendetsedwa ndi kamu, ndipo kumbuyo pa chesisi kuli kambale kosungira madzi kamene anthu amaiwala kuti kaliko. Chogwirira cha kapampuko chikakhala chopepuka, chosapopa, tembenuza injini pang'ono kaye usanakaweruze, mwina changokhala pamwamba pa kamu.

Pa pampu penipeni pali zinthu ziwiri zokha zimene ndikukulola kugwira uli m'mbali mwa msewu. Choyamba ndi solenoid, kumbuyo, pamwamba pa pamene pamatulukira mapaipi achitsulo. Uza mnzako atsegule kiyi iwe chala chili pamenepo. Uyenera kumva kuti tha. Kukakhala chete, yesa ndi kababu ngati magetsi akufika, ndipo uyambire ku fyuzi ndi kawaya kake, kamene kamathothokera m'kati mwa chikopa chake chifukwa cha kugwedezeka. Pali ma solenoid ena amene amagwira ali ozizira n'kumasiya akatentha. Ukatsimikiza kuti yafa ndipo muli kutchire, ungathe kutsuka bwino pozungulira, kuimasula, kuchotsa kapisitoni ndi kasipuling'i kake, n'kuibwezera. Galimoto ilira, koma siidzazima ndi kiyi, muziizimitsa ndi giya, ndipo zimenezi n'zongofikira kunyumba basi. Chachiwiri ndi mabauti awiri obooka, wolowetsa mafuta ndi wotulutsa. Amafanana kunja, koma wotulutsayo walembedwa OUT pamutu, ali ndi kabowo kakang'ono kwambiri ndi kasefa m'kati. Kabowo kameneko ndi kamene kamasunga mphamvu ya mafuta m'mimba mwa pampu, ndipo mphamvuyo ndi imene imasuntha taimingi injini ikamathamanga. Kakatsekeka, injini imasintha kaliridwe. Munthu akawasinthanitsa mabautiwa pomanga, galimoto imalira pa aidulo koma ilibe mphamvu ngakhale pang'ono. Ukamva kuti vuto linayamba wina atangogwira pampu, yang'ana pamenepo poyamba.

Utsi nawo uziuwerenga. Wakuda umatanthauza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya, ndipo kuno kwathu, ndi fumbi la malasha ndi la misewu, choyamba kutsegula ndi fyuluta ya mpweya, osati manozo. Woyera woluma m'maso ndi dizilo wosapsa. Ukamatuluka poliza m'mawa n'kutha injini ikafunda, yesa mapulagi otenthetsa. Galimoto yokhala ku Moatize imatha chaka chathunthu ikulira ndi mapulagi akufa mwini wake osadziwa, chifukwa kutentha kwa kuno kumaibisira. Tsiku limene yagona pa chipata cha Zóbuè mu Juni kudikira mapepala olowera ku Mwanza, m'mawa mwake imakana, ndipo mlandu umagwera pampu. Utsi woyerawo ukapitirira injini itatentha, ganizira mpweya m'mafuta, kompuresheni yotsika, kapena taimingi yochedwa. Pa 3L, 5L ndi 300Tdi pampu imayendetsedwa ndi lamba wa taimingi, ndiye funsa ngati lambayo wasinthidwa posachedwa, chifukwa dzino limodzi lokha likaphonyeka utsi umadzaza bwalo. Pa 1HZ pampu imayenda ndi magiya, lamba amangotenga kuchokera pa pampu kupita ku kamu. Utsi wabuluu ndi oyilo, ndipo umenewo si nkhani ya pampu ayi.

Injini ikamatsimphina, pezera silinda yodwala pomasula pang'ono nati ya paipi pa nozo, imodziimodzi, ndi sipanala ya 17, injini ili pa aidulo, nsanza itaphimba pamwamba. Silinda yamoyo ukaimasula, injini imagwa mawu n'kunjenjemera. Imene ukaimasula palibe chosintha, ndiyo. Koma usathamangire kugula nozo. Isinthanitse ndi ya silinda ina. Vuto likasamuka nayo, ndi nozo. Likatsala pomwepo, ndi valavu kapena mapisitoni. Manozo a injini zakale za Toyota zimenezi amatseguka pa mabaa pafupifupi 150, mphamvu yokwanira kuboola khungu. Dzanja lisayandikire kutsogolo kwa nozo yopopera, ndipo dizilo akalowa m'mnofu mwa njira imeneyi, n'kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likuoneka laling'ono. Pobwezera nozo ika mawashala atsopano nthawi zonse.

Ilipo nthawi imene pampu imakhala yathadi, ndipo ukafika pamenepo utadutsa monsemu, ukhoza kunena mosaopa. Mafuta oyera akufika opanda thovu, solenoid ikutseguka, sitata ikupukusa mwamphamvu, koma ku mapaipi achitsulo kukungotuluka timadontho tofooka kapena kulibiretu. Kapena galimoto imalira bwino m'mawa, koma ikazimitsidwa itatentha imakana mpaka izizire, batire, sitata ndi waya wa ethi zili bwino. Pamenepo mutu wa pampu wadyeka, ndipo dizilo wotentha, poti wapepuka, akuthawira m'mbali mwa pisitoni yake. Udzaona ena akuthira madzi ozizira pa mutu wa pampu kuti ilire. Imaliradi, koma chitsulo chakunja chikafota msanga chimatha kugwira pisitoni ya m'kati n'kuithyola, ndiye iwe usachite. Umboni wina ndi tizitsulo tonyezimira pa kapisitoni ka solenoid kapena pa kasefa ka bauti ya OUT. Winanso ndi oyilo wa injini amene akukwera yekha pa kandodo koyezera, wopepuka, wonunkha dizilo, kusonyeza kuti silo yakutsogolo kwa pampu yatha, matenda odziwika bwino pa Pajero ya 4M40. Galimoto yotere isayende, chifukwa oyilo wosungunuka amapha ma bearing. Koma pampu yongodontha pamwamba, pa chivindikiro kapena pa kamtengo ka moto, sinafe. Malabala ake ndi amene auma, ndipo zimenezi zimaoneka kwambiri pa mapampu akale mafuta akasintha mtundu, monga pamene Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe anasamukira ku dizilo wa salufa wochepa mu 2017. Imeneyo imafuna masilo atsopano, osati mtengo wa pampu yonse.

Ukatsimikiza, ntchito yako ndi kuichotsa bwino, osati kuitsegula. Ika injini pa chizindikiro chake, ulembe mzere pa pampu ndi pa chitsulo chimene yakhalapo, umasule mapaipi popanda kuwapinda, utseke kabowo kalikonse ndi pulasitiki yoyera. Ipite pamodzi ndi manozo ake kwa mmisiri amene ali ndi benchi yoyesera, kaya mu mzinda wa Tete, ku Blantyre kapena ku Beira. Mipata ya m'kati mwa mutu wa pampu ndi yaing'ono kuposa kanthu kalikonse kamene diso lako lingaone, ndipo fumbi limene limatera pa tebulo la galaja yathu m'mphindi imodzi n'lokwanira kuikanda. Kunena kuti iyi ndi ya ku benchi si kuchepa ayi. Pampu ili ku ulendo, iwe tsuka thanki, upemerere mapaipi, usinthe fyuluta. Ukapanda kutero, yokonzedwayo idzamwa zomwe zinapha yoyamba, ndipo mwini galimoto adzalipira kawiri.

Padzabwera dalaivala wonyamula matumba a mbatata kapena makala, adzakuuza kuti mphwanga, tandiwonjezera mafuta pang'ono, ikulemera pa chitunda. Akunena sikuluwu ija yokhala ndi kachitsulo kotsekera, kumbuyo kwa pampu. Kachitsuloko anakaikapo dala. Ukaipotokola galimoto imamvekadi yamphamvu, koma 1HZ ilibe tebo yowonjezera mpweya, ndiye mafuta owonjezerawo amasanduka utsi ndi moto m'mutu wa injini. Kwera nayo zitunda za ku Zóbuè masana a Novembala itasenza katundu, mutu udzang'aluka. Ukapyola muyeso popotokola sikuluwuyo, injini imatha kuthamanga yokha osamveranso phazi. Mukanire mwaulemu, umufotokozere chifukwa chake, ndipo umupemphe kuti uyang'ane fyuluta ya mpweya, mabuleki ogwira ndi mavalavu, kumene mphamvu yake yatayikira.

Za petulo ndinene mwachidule, poti zilipo ndithu, ma Hilux a 3RZ ndi 22R-E, ndi ma Land Cruiser a 1FZ-FE. Apa pampu ndi yamagetsi, ili m'thanki, ndipo imakankha. Yamba waona ngati moto ukufika ku mapulagi. Dziwanso kuti pa ma Toyota akale ambiri pampu silira ukangotsegula kiyi, imadikira sitata ipukuse kapena injini ilire, ndiye kusamva kulira kwake si umboni woti yafa. M'kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS mu boneti, pamene pali +B ndi FP, lumikiza ziwirizo ndi kawaya, utsegule kiyi, ukamvetsere pa thanki. Ikalira pamenepo koma osalira poliza galimoto, vuto lili ku relay kapena ku mawaya ake. Ukalumikiza TE1 ndi E1, nyali ya injini imaphethira manambala a vuto. Pampu yolira si pampu yamphamvu, ndiye yeza ndi geji, uyembekezere mabaa pafupifupi 3, ndipo uyeze magetsi pa pulagi ya pa thanki pampu ikugwira ntchito, chifukwa waya wa ethi wadzimbiri amafooketsa pampu yabwinobwino. Pampu imeneyi imazizira ndi petulo amene yamiramo. Chizolowezi chothira malita awiriawiri, thanki n'kumakhala pansi masiku onse m'kutentha kwa kuno, chimaifupikitsa moyo. Ndipo mayeso a chigubu chotsegula aja ndi a dizilo okha. Petulo salola masewera oterowo pafupi ndi batire.

Zimene ndakuuza za kumasula mapaipi a manozo zithere pa injini zakale. Ma Hilux a D-4D, amene anayamba kuchuluka kuchokera mu 2005, nawonso akukalamba ndipo ayamba kufika m'magalaja athu, koma m'mapaipi awo muli mabaa oposa 1,000. Usamasule paipi injini ikulira. Zimenezo zimafuna kompyuta yowerengera ndi kuyeza mafuta obwerera kuchokera ku nozo iliyonse, ndipo ngati m'tauni muli wina amene akuzidziwa, kamugwirire ntchito ngakhale Loweruka lokha kuti uphunzire. Madzi amene 1HZ ingawapirire kwa kanthawi, D-4D amaiwononga msanga.

Nkhani ya mafuta a m'zigubu sindingaidumphe. Ndikudziwa kuti kumidzi kutali ndi bomba munthu alibe kosankha, ndipo mafuta akasowa ku Malawi, monga mu 2011 ndi 2012 komanso m'zaka zaposachedwapa, zigubu zimachuluka m'malire monse. Ambiri ogulitsawo ndi anthu ofuna kudyetsa ana awo, ndipo si onse amasakaniza, koma chigubu chimene dzulo chinatunga madzi kapena chinasunga parafini sichisankha. Phunzitsa madalaivala ako kuthira kaye pang'ono m'botolo loyera asanalipire, kulola chigubu chikhazikike, kusefa ndi nsalu yoyera yothinana pa fanelo, ndi kusiya zapansi m'chigubu momwemo ngakhale azilipira. Koma mafuta otsitsidwa mobisa ku matankala uwakane kotheratu, usagule, usathandize kupopa, usayandikire. Pa 17 Novembala 2016, ku Caphiridzange m'boma lathu lomwe lino, thankala ya petulo yochokera ku Beira kupita ku Malawi inaphulika anthu akutunga mafuta. Anafa anthu oposa 70, ena anakatsirizikira ku chipatala ku Tete masiku otsatira, ndipo mwa iwo munali ana. Munthu wodziwa kupopa mafuta ndi paipi ndi batire amaitanidwa ku ntchito zoterezi, ndipo ndalama yake imaoneka yophweka. Akadzakuitana usapite.

Mwini galimoto akafika atakonzeka kale kulipira pampu, iwe n'kupeza kuti ndi kapaipi ka labala, mtima udzakuuza kuti ungokhala chete. Muuze zoona, umuonetse kapaipiko, umulipiritse nthawi imene wataya pofufuza, chifukwa kufufuza ndi ntchito ndipo usachite nayo manyazi. Madalaivala a msewu wa Zóbuè amadziwana onse, ndipo amauzana kumene anabedwa ndi kumene anathandizidwa. Sabata ino gula paipi yoonekera mita imodzi, kababu koyesera magetsi, mawashala amkuwa, ndi kachigubu kamene sikadzalowa china koma dizilo woyera. Ukatero pempha kwa abwana ako galimoto imene ilibe vuto lililonse, uikepo paipiyo, udine kapampu, umvetsere solenoid, umasule manozo imodziimodzi, kuti maso, chala ndi khutu zizolowere mmene yamoyo imakhalira usanakumane ndi yodwala pa chitunda usiku.